Msonkho Wobwezedwa ndi Msonkho Wotsala—Kodi Muyeso Wake Ngumodzi?

CHAKA ndi chaka, pamene mwezi wa April uyandikira kutha, anthu ena okhala m'matauni a migodi a m'chigawo cha Midlands ku Zimbabwe amatulutsa mapepala awo a malipiro nayamba kuŵerengera. Ku Zvishavane, Shurugwi, Kwekwe, ndi Redcliff, kuŵerengerako kumathera pa chimodzi cha zinthu ziŵiri. Ena amapeza kuti m'chaka chapitacho anadulidwa msonkho woposa umene lamulo limafuna, ndi kuti boma liyenera kuwabwezera. Ena amapeza kuti iwo ndiwo akali ndi mangawa kwa boma.

Kaŵirikaŵiri munthu mmodzimodziyo amachita mosiyana m'mikhalidwe iŵiriyi. Pamene ali woyenera kubwezeredwa, amasunga lisiti lililonse, amaŵerengera senti iliyonse, ndipo amadandaula ngati ofesi ichedwa kumyankha. Koma pamene chiŵerengero chisonyeza kuti iye ndiye ayenera kuwonjezerapo, mwadzidzidzi amaiŵala ndalama za lendi zimene analandira, kapena ganyu amene anagwira kwa miyezi itatu. Kodi kusiyana kumeneku nkolungama? Ndipo bwanji ngati munthuyo analakwiridwadi ndi boma kapena ndi omlemba ntchito? Kodi mangawa a ena kwa iye amafafaniza mangawa ake kwa ena?

Mmene Kusiyanako Kumabukira

Choyamba, nkofunika kudziŵa chifukwa chake chiŵerengero cha kumapeto kwa chaka chimasiyana ndi ndalama zodulidwa mwezi ndi mwezi. Ku Zimbabwe, misonkho imasonkhanitsidwa ndi bungwe la ZIMRA, limene linayamba ntchito mu 2001. Wolembedwa ntchito amadulidwa msonkho asanalandire malipiro ake, mwa makonzedwe otchedwa PAYE. Kuyambira mu 2000, wolemba ntchito wapatsidwanso thayo la kulinganiza msonkhowo kotero kuti ukhale wokwanira pofika kumapeto kwa chaka. Chotero munthu amene anagwira ntchito pamalo amodzi chaka chathunthu, wopanda njira ina yopezera ndalama, kaŵirikaŵiri safunikira kulemba fomu iliyonse.

Komabe, moyo wa m'tauni ya mgodi suyenda motero kwa ambiri. Ntchito zambiri nzapangano la miyezi yoŵerengeka. Mgodi umatha kuchepetsa antchito pamene mtengo wa platinamu kapena wa chrome watsika. Ena amasintha ntchito pakati pa chaka, ndipo ena ali ndi kasitolo kapena nyumba yalendi. Anthu otero ndiwo amafunikira kulemba fomu yosonyeza ndalama zonse zimene anapeza, akumagwiritsira ntchito chikalata chotchedwa P6, chimene wolemba ntchito amapereka.

Msonkho umakwera pamene ndalama zopezedwa zikwera. Mwachitsanzo, mu 2024, kwa olandira malipiro m'madola a ku America, $100 yoyamba pamwezi inali yosakhomedwa msonkho. Ndalama zoyambira pamenepo kufika pa $300 zinali kudulidwa 20 peresenti, ndipo zoposa $300 kufika pa $1,000 zinali kudulidwa 25 peresenti. Motero wolandira $600 pamwezi anali kudulidwa $115, kuwonjezerapo 3 peresenti ya msonkhowo yopita ku thumba lolimbana ndi AIDS. Ngati ntchito ya munthu ameneyu inatha pambuyo pa miyezi 6 ndipo sanapezenso ina, iye anakhala atadulidwa $690. Koma msonkho wa pachaka wa $3,600 imene analandira unali $480 chabe. Boma linali ndi mangawa a $210 kwa iye.

Tsopano munthu wina angakhale analandira $600 imodzimodziyo pamwezi, koma kuchokera kwa olemba ntchito aŵiri, aliyense akumampatsa $300. Ngati aliyense wa iwo anaŵerengera monga kuti ndiye yekha womlipira, anadula $40, ndipo zonse pamodzi zinakwana $80 m'malo mwa $115. Pakutha kwa chaka munthuyo anakhala ndi mangawa a $420. Anthu aŵiriŵa angakhale oyandikana nyumba. Palibe amene anachita chinyengo kufikira pano. Chiyeso chimayamba pamene aliyense wagwira cholembera.

Chifukwa Chake Liwulo Limaŵaŵa

Ambiri okhala m'matauni ameneŵa ndiwo ana ndi adzukulu a amuna ochokera ku Malaŵi, Zambia, ndi Mozambique, ndipo kwa mabanja ameneŵa liwu lakuti msonkho lili ndi mbiri yoŵaŵa. Pofika mu 1894, boma la atsamunda m'dziko limene pambuyo pake linatchedwa Nyasaland linali kukhometsa masheleni 3 pa nyumba iliyonse. Kuchiyambi kwa zaka za zana la 20 msonkhowo unakwezedwa kufika pa masheleni 6, koma munthu amene anagwirira ntchito Mzungu kwa mwezi umodzi anali kukhoma theka lokha. Kuchotsera kumeneko sikunali chifundo. Kunali njira yokakamizira anthu kusiya minda yawo.

Ku Southern Rhodesia nakonso, msonkho wa nyumba wa masheleni 10 unayamba mu 1894, ndipo mu 1904 mwamuna wamkulu aliyense anayamba kukhoma paundi imodzi. Amuna zikwi zambiri ochokera kumpoto kwa Zambezi anayenda pansi kwa milungu kufunafuna ndalama zimenezo. Anafika pamgodi wa golidi wa Globe and Phoenix ku Kwekwe, pamigodi ya chrome ku Selukwe, imene tsopano ndi Shurugwi, ndi pamgodi wa asbestos wa Shabanie, umene unatsegulidwa mu 1916. Ena anatengedwa ndi bungwe lolemba anthu ntchito lokhazikitsidwa mu 1903, limene antchitowo analitcha chibalo. Ambiri sanabwererenso kwawo, ndipo achibale awo anawatcha matchona.

Mbadwa zawo zinakhoma misonkho ku Zimbabwe kwa zaka makumi ambiri. Ngakhale ndi tero, lamulo la unzika litasinthidwa mu 2001, ochuluka a iwo anayamba kuŵerengedwa monga alendo m'dziko limene anabadwiramo. Malamulo aakulu a dziko a mu 2013 ndiwo anatseguliranso ambiri njira ya unzika, ndipo anaika Chicheŵa pakati pa zinenero 16 zovomerezedwa ndi boma. Munthu wodziŵa mbiri imeneyi sangadabwe kumva mkulu wina wa ku komboni akufunsa kuti: ‘Kodi ine ndili ndi mangawa anji kwa boma?’

Pamene Ena Sanalipire Mangawa Awo

Palinso zilonda za posachedwapa. Mu 2004 boma linaika kampani yoyendetsa mgodi wa Shabanie m'manja mwa woyang'anira wosankhidwa ndi boma, ndipo m'zaka zotsatira ntchito inazilala, antchito nakhala zaka zambiri akudikira malipiro awo. Ku Redcliff, ng'anjo za kampani yachitsulo ya Zisco zinazima mu 2008, ndipo mabanja zikwi zambiri anatsala opanda chodalira. M'chaka chimodzimodzicho, boma linalengeza kuti kukwera kwa mitengo kwa mwezi wa July kunafika pa 231 miliyoni peresenti pachaka. Ndalama iliyonse imene munthu anali kudikira, kaya ya penshoni kapena ya msonkho wobwezedwa, inatha mphamvu isanafike m'manja mwake. Vuto la mapenshoni linali lalikulu kwakuti mu 2015 boma linakhazikitsa bungwe lofufuza lotsogozedwa ndi woweruza wopuma pantchito George Smith.

Chotero chigomeko cha munthu wofuna kubisa $420 sichili chopanda pake. Iye anganene kuti: ‘Atate anga anamwalira asanalandire penshoni yawo. Msewu wa kwathu ngwokumbika, ndipo kuchipatala kulibe mankhwala. Ngakhale malipoti a mkulu wopenda ndalama za boma amatchula ndalama zosadziŵika kumene zinapita. Ine sindikuba. Ndikungotenga pang'ono pa zimene anandilanda.’ Mawu ameneŵa ayenera kumvedwa mwaulemu, pakuti zambiri za zimene akutchula zinachitikadi. Koma kodi mapeto a kulingalira kwakeko ngolondola?

Kodi Cholakwa Chimafafaniza Cholakwa?

Pali zifukwa zosachepera zitatu zokayikirira. Choyamba, munthu wodzichotsera yekha mangawa amakhala wodandaula, mboni, ndi woweruza pamlandu umodzimodziwo. M'bwalo la mfumu kumudzi, mwini mlandu sagamula yekha kuti alipidwa mbuzi zingati, ngakhale ngati analakwiridwadi. Chifukwa chake nchodziŵika kwa onse: woŵerengera zotayika zake iye mwini samapeza konse kuti walipidwa zokwanira. Chaka chino adzati wabweza za penshoni, chaka chamaŵa za msewu, ndipo sipadzakhala chaka chimene adzanena kuti tsopano zakwana.

Chachiŵiri, mangawawo sali pakati pa anthu amodzimodziwo. Malipiro osaperekedwa ali mangawa a kampani. Ndalama zosakazidwa zili mlandu wa ozisakazawo. Koma pamene wina abisa msonkho, amene amamva kulemera sindiwo anthu amenewo. Amene amasenza katunduyo ndiye mphunzitsi, namwino, ndi wogwira ntchito pansi pa mgodi, amene sangabise kanthu chifukwa msonkho wawo umadulidwa asanaone ndalamazo. Ndiponso, boma likasoŵa ndalama limafuna njira zina. Mu October 2018, nduna ya zachuma Mthuli Ncube inalengeza msonkho wa 2 peresenti pa ndalama zotumizidwa kudzera pafoni ndi kubanki, ndipo chimodzi cha zifukwa zoperekedwa chinali cha kufikira anthu ambiri osakhoma msonkho wa pa zopeza zawo. Msonkho umenewo unagwera mkazi wamasiye wogula ufa mofanana ndi mwini sitolo.

Chachitatu, ndipo chofunika koposa, kubisa msonkho sikungachitike popanda bodza. Fomu imafuna kuti munthu asaine kutsimikizira kuti zimene walemba nzoona ndi zokwanira. Kutsutsa lamulo poyera, kudandaula, kapena kupempha kuti lisinthidwe nkosiyana kotheratu ndi kusaina dzina pansi pa chiŵerengero chonama. Wochita zoyambazo amaima pamaso pa anthu. Wochita chomalizacho amadalira mdima.

Malemba ali ndi fanizo loyenerera bwino nkhaniyi. Chilamulo cha Mose chinaletsa wamalonda kukhala ndi miyala iŵiri yoyesera m'thumba mwake, wina wolemera ndi wina wopepuka. (Deuteronomo 25:13-16) Wamalonda wonyenga anali kugwiritsira ntchito mwala wolemera pogula ndi wopepuka pogulitsa. Munthu amene amaŵerengera mosamalitsa $210 imene boma liyenera kumbwezera, koma naiŵala $420 imene iye ayenera kulipira, wanyamula miyala iŵiri yotero. Sali wosadziŵa masamu. Amawadziŵa bwino pamene akumkomera.

Ndiponso, uphungu wa mtumwi Paulo wakuti Akristu azikhoma misonkho sunaperekedwe pansi pa boma labwino. Iye analembera Akristu a ku Roma cha m'ma 56 C.E., mu ulamuliro wa Nero. Wolemba mbiri wachiroma Tacitus akusimba kuti mu 58 C.E. madandaulo otsutsa umbombo wa okhometsa msonkho anakula kwambiri kwakuti Nero analingalira zothetsa misonkho ya pa katundu, ngakhale kuti aphungu anambweza. M'mkhalidwe woterowo, Paulo sanazike uphungu wake pa ubwino wa olamulira, ndipo sanauzike pa kuwopa chilango kokha. Anauzika pa chikumbumtima. (Aroma 13:5-7) Yesu nayenso, pofunsidwa za msonkho wa Kaisara, anasonyeza kuti wolamulira ali ndi zoyenera kulandira, ngakhale kuti pali zina zimene zili za Mulungu yekha. (Mateyu 22:17-21) Mmene olamulira amagwiritsirira ntchito ndalamazo uli mlandu umene iwo adzayankha. Zimene munthu walemba pafomu uli mlandu umene iye adzayankha.

Kufuna Zobwezedwa Sindiko Umbombo

Kodi zimenezi zikutanthauza kuti munthu woona mtima ayenera kungokhala chete pamene wadulidwa zopitirira? Kutalitali! Muyeso umodzi umagwira ntchito kumbali zonse ziŵiri. Yohane Mbatizi analangiza okhometsa msonkho kusalanda zoposa zimene analamulidwa. (Luka 3:12, 13) Ndipo Zakeyu, mkulu wa okhometsa msonkho ku Yeriko, anasonyeza kulapa kwake mwa kulonjeza kubweza kuŵirikiza kanayi zimene analanda monyenga. (Luka 19:8) Msonkho wodulidwa mopitirira suli mphatso kwa boma, ndipo pamene ubwezedwa suli mphatso yochokera kwa boma. Zili ndalama za wantchito, zimene ana ake akanadyera.

Chotero palibe cholakwa ndi kugwiritsira ntchito zonse zimene lamulo limalola. Ku Zimbabwe, lamulo limachepetsa msonkho wa anthu a zaka 55 kapena kuposapo, wa akhungu, ndi wa opunduka, ndipo limalola kuti theka la ndalama zina zolipirira chithandizo cha mankhwala lichotsedwe pa msonkho. M'matauni mmene amuna ambiri anavulala pamgodi kapena anadwala chifuwa chifukwa cha fumbi, makonzedwe ameneŵa ngofunika. Komabe ena samapindula nawo chifukwa cha kusadziŵa, kapena chifukwa cha kuwopa ofesi ya msonkho. Kuthandiza wokalamba kulemba fomu yake ndi kulondola zimene ayenera kulandira kuli ntchito yachifundo.

Lamulo limaperekanso njira yotsutsira. Munthu wosakhutira ndi chiŵerengero cha ZIMRA angalembe chidandaulo m'masiku 30, ndipo ngati sakhutirabe angachite apilo kukhoti. Paulo mwiniyo anagwiritsira ntchito kuyenera kwake monga nzika ya Roma, kufikira pa kuchita apilo kwa Kaisara. (Machitidwe 25:11) Zoonadi, njira zimenezi nzochedwa, ndipo nthaŵi zina sizibala kanthu. Koma wodandaula ali ndi mphamvu yaikulu pamene mapepala ake ali oyera. Kodi munthu angaumirire motani kuti mabuku ake apendedwe kaamba ka $210 pamene akudziŵa kuti mabuku omwewo akubisa zina?

Pamene Palibe Wopenya

Chiyeso chimakula pamene mpata wa kugwidwa uli wochepa. M'zitunda zozungulira Shurugwi, Kwekwe, ndi Mberengwa muli anthu zikwi zambiri okumba golidi paokha, odziŵika kumeneko ndi dzina lakuti makorokoza. M'zaka zambiri kuyambira mu 2017, okumba ang'onoang'ono apereka golidi woposa theka la yense wofika ku Fidelity, kampani yoikidwa ndi boma kugula ndi kuyenga golidi. Wogulitsa kumeneko amadulidwa gawo la boma. Wogulitsa kwa ogula amseri sadulidwa kanthu ndipo sasaina kanthu. Chosankha cha wokumbayo chimapangidwa kuthengo, kopanda mboni.

Chiyeso china chimabwera pamene ofesi ndiyo yalakwitsa. Bwanji ngati munthu woyembekezera $210 alandira $2,100 chifukwa cha kuphonya kwa kalaliki kapena kwa kompyuta? Ena angati ndi mwaŵi, kapenanso dalitso. Koma munthu mmodzimodziyo akanalandira $21, akanafika paofesi m'maŵa mwake. Kuphonya sikumasintha mwini wa ndalama. Ngati kuphonya komsaukitsa kuyenera kuwongoleredwa, kuphonya komlemeretsa kuyeneranso kuwongoleredwa.

Palinso munthu amene sakufuna kunama koma alibe ndalama zolipirira. Mkhalidwe wake ngwosiyana. Kulephera kulipira kuli umphaŵi, pamene kulemba zonama kuli chinyengo, ndipo ziŵirizi siziyenera kusokonezedwa. Njira yanzeru ndiyo kulemba chiŵerengero choona panthaŵi yake ndi kupempha makonzedwe a kulipira pang'onopang'ono. Kubisala kumangowonjezera chiwongola dzanja ndi chindapusa, ndipo akuluakulu anati mlandu suwola. Amene ali ndi kabizinesi angadzipeputsire mtolo mwa kupatula gawo la msonkho nthaŵi iliyonse pamene alandira ndalama, ndi mwa kusunga mabuku ake kwa zaka 6 monga momwe lamulo limafunira. Ndalama zopatulidwa kale sizipweteka mofanana ndi zochotsedwa pa chakudya cha mwezi wa April.

Mtengo Wake ndi Phindu Lake

Kungakhale kunama kunena kuti kuona mtima kumeneku kulibe mtengo. M'banja lodalira $600 pamwezi, $420 ingakhale fizi ya ana kapena lendi ya miyezi ingapo. Mnansi amene anabisa zake angamange chipinda china pamene woona mtimayo akali kulipira mangawa. Ndipo sikotsimikizirika kuti msewu udzakonzedwa chifukwa chakuti iye wakhoma. Ngati phindu la kuona mtima liŵerengedwa m'madola okha, pali zaka zina pamene lidzaoneka monga kutaya.

Koma pali zinthu zina zimene woona mtima amasunga. Kalata yochokera ku ofesi ya msonkho siimamsoŵetsa tulo. Safunikira kupereka chiphuphu kuti bodza lakale likhalebe lokwiririka, ndipo palibe kalaliki amene angamgwire pakhosi. Ana ake, amene amaona zambiri kuposa zimene makolo amaganiza, amaphunzira kuti choonadi sichisintha malinga ndi kumene ndalama zikupita. Koposa zonse, amasunga ufulu wa kulankhula. Pamene anena za malipiro a atate wake amene sanaperekedwe, kapena za ndalama za boma zosakazidwa, palibe amene angamloze chala namuuza kuti nayenso ali yemweyo.

Makolo amene anayenda pansi kuchokera ku Dedza, Chipata, kapena Tete anakhoma msonkho chifukwa cha mantha a chikoti ndi ndende. Mbadwa zawo zoopa Mulungu zingakhale ndi chifukwa chabwinopo. Zingafune molimba mtima senti iliyonse imene ili yawo, ndi kupereka mosabisa senti iliyonse imene siili yawo, osati chifukwa chakuti wolandirayo ngwolungama, koma chifukwa chakuti izo zasankha kukhala zolungama. Munthu wotero ali ndi mwala umodzi wokha m'thumba mwake, ndipo sachita manyazi aliyense atapempha kuuona.